Mafunso ndi Mayankho: Tcheni cha wotchi chikakula, chikathina kapena chikaduka

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino mwezi uno kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu akukhudza tcheni kapena lamba wa wotchi. Ena angaone ngati nkhaniyi ndi yochepa masiku ano pamene anthu amaona nthawi pa foni, koma ife amene tinakulira pa tebulo lokonzera mawotchi tikudziwa kuti ambiri mwa mawotchi amene amabwera kwa mmisiri ndi mphatso, ena ndi a makolo amene anatisiya, ndipo mwini wake akamapereka wotchi yotere amakhala akupereka chinthu chimene sangakachipezenso m'sitolo. Mayina a olemba makalata ndi a amisiri amene akudandaulidwa ndawachotsa monga mwa mwambo wa tsamba lino.

FUNSO: Bambo, mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira wotchi ya Seiko ya tcheni chachitsulo, koma inali yaikulu moti inkatsetsereka mpaka pa chikhatho. Ndinapita nayo kwa mmisiri wina wa pakhonde la sitolo pa boma la Dedza, ndipo anandiuza kuti ndikayambe ndagula zimene ndinabwerera, ndikadzabwera ndidzapeza atamaliza. Nditabwerako ndinapeza wachotsa mfundo zitatu za tcheni, zonse mbali imodzi, moti chotsekera chinkakhala m'mbali mwa mkono. Patatha masabata awiri, ndikukwera minibasi, kapini kamodzi kanasololoka, wotchi n'kugwera pa tala, galasi n'kusweka. Mmisiriyo akuti vuto ndi langa chifukwa ndine amene ndinagwetsa. Kodi akunena zoona? Mphunzitsi, Lobi, Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, pepani kwambiri, makamaka poti wotchiyo ndi thukuta la mwana wanu. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ine sindikugwirizana ndi mmisiriyo, ndipo ndifotokoza chifukwa chake mofatsa, popeza vuto lanuli ndi limene limagwera anthu ambiri amene ali ndi mawotchi a Seiko ndi Citizen.

Mfundo za tcheni zimalumikizidwa m'njira zingapo. Matcheni ambiri otsika mtengo amagwidwa ndi kapini kong'ambika nsonga imodzi, ndipo nsonga yong'ambikayo ndi imene imakanirira m'bowo kuti kapiniko kasatuluke. Matcheni ena okwera mtengo amamangidwa ndi timabawuti. Koma matcheni ambiri a Seiko amagwidwa ndi zinthu ziwiri: kapini kosalala, ndi kapaipi kakang'ono kwambiri, kochepa kuposa njere ya mpunga, kamene kamakhala m'kati mwa mfundo n'kumafinya kapiniko. Kapaipi kameneka ndiye mwini ntchito yense. Mmisiri akamakhoma kapini kuti katuluke, kapaipi kaja kamagwa mwakachetechete, ndipo ngati akugwirira ntchito pa thabwa lopanda nsalu, pakhonde pamene pakuwomba mphepo ndi fumbi, sakaona n'komwe kuti china chake chagwa. Akabwezeretsa kapini kokha, tcheni chimaoneka ngati chagwira, mwini wake n'kulipira n'kumapita, koma tsiku lililonse mkono ukamagwedezeka kapini kaja kamasuntha pang'onopang'ono mpaka kusololoka. Masabata awiri amene mwatchulawo akugwirizana ndithu ndi vuto limeneli.

Kuti mutsimikize, tengani mfundo zitatu zimene anachotsa zija, ngati anakupatsani, ndipo muone ngati timapini take tili tosalala kuyambira kunsonga mpaka kunsonga. Ngati tili tosalala, tcheni chanu ndi cha mtundu wa kapaipi. Onaninso pamene panaduka: kapini kakakhala kuti sikanathyoke kapena kupindika koma kanangotuluka kathunthu, ndiye kuti panalibe chokagwira. Wotchi yogwetsedwa ndi mwini wake kawirikawiri imamasuka pa chotsekera kapena pamene tcheni chimalumikizana ndi mutu wa wotchi, osati pa mfundo yomweyo imene mmisiri anagwirapo masiku ochepa apitawo.

Chinthu chachiwiri chimene chinalakwika ndi kuchotsa mfundo zonse mbali imodzi. Tcheni chili ndi mbali ziwiri, ya ku 12 koloko ndi ya ku 6 koloko, ndipo mfundo zimayenera kuchotsedwa mogawa kuti chotsekera chikhale pakati penipeni pansi pa mkono. Zikakhala zitatu, ziwiri zimachoka ku mbali ya 6 koloko ndipo imodzi ku mbali ya 12 koloko. Chotsekera chikakhala m'mbali, mutu wa wotchi umatembenukira kunja, munthu amangokhalira kuukankha, ndipo chotsekeracho chimakola pa zitseko ndi pa mipando. M'kati mwa tcheni mulinso timivi tojambulidwa tosonyeza kumene kapini kayenera kutulukira, ndipo pobwezeretsa kamalowa mobwerera, kutsutsana ndi kamuviko. Mmisiri amene amakhoma kapini kuchokera mbali iliyonse imene yamuyandikira amakulitsa bowo, ndipo bowo likakula silibwereranso.

Pa nkhani ya galasi, maganizo anga ndi akuti mmisiriyo ayenera kukonzanso tcheni popanda kukulipiritsani, komanso kuthandizapo pa mtengo wa galasi latsopano. Mupiteko m'mawa anthu asanachuluke, mulankhule naye inu awiri, ndipo mumuonetse kapini kosalalako. Amisiri ambiri amavomera akaona umboni m'manja, pamene akadzudzulidwa pagulu amaumitsa khosi poopa manyazi. Akakana, mukafotokozere eni sitolo amene amamusunga pakhondepo kapena komiti ya amalonda a pamalopo, chifukwa mawu awo amawamva. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene lili ndi ofesi ku Lilongwe, limalandira madandaulo a ogula katundu ndi olipira ntchito, monganso limachitira bungwe loimira ogula la CAMA. Komabe pa nkhani ya kukula kotere, ndalama yoyendera ikhoza kuposa mtengo wa galasi, choncho yesetsani kuti ithere pa Dedza pomwepo.

Chimene ndikufuna kuti owerenga onse atolepo pa kalata yanu ndi mawu aja akuti mukayambe mwagula zinthu. Kuchepetsa tcheni ndi ntchito ya mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ndipo singatheke bwino mkono wa mwini wotchi palibe, chifukwa mmisiri amayenera kuyeza, kuchotsa, kuyezanso, kenako n'kumaliza. Khalani pomwepo, penyani timapini tikamatuluka, ndipo akamaliza pindani tcheni uku ndi uku, mudutsitse chala m'mbali mwake kuti mumve ngati pali nsonga yotulukira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito ya tizitsulo tating'ono chonchi kudekhako kumafunika kwa mmisiri ndi kwa mwini wotchi yemwe.

FUNSO: Bambo, amuna anga anandigulira wotchi pa chinkhoswe chathu, ndipo mmisiri wa pa Ntcheu anachotsa mfundo zinayi kuti indikwane. Sindinaganize zofunsa mfundozo. Tsopano ndili woyembekezera, manja atupa pang'ono, wotchi ikuthina mpaka kusiya chizindikiro pakhungu. Nditabwerera kwa mmisiriyo anandiuza kuti anataya kalekale, koma akhoza kundigulitsa zina zimene ali nazo m'kabotolo. Kodi n'chilungamo kuti ndigule zinthu zimene mwina ndi zanga zomwe? Mayi wa ku Kampepuza, Ntcheu.

YANKHO: Mayi, mfundo zochotsedwa pa tcheni ndi za mwini wotchi, monga momwe nsalu yotsala kwa telala ilili ya mwini chovala. Mmisiri wabwino amazikulunga m'kapepala pamodzi ndi timapini take n'kuzipereka asanafunsidwe. N'zoona kuti amisiri amasunga tizitsulo totsala m'mabotolo, chifukwa zipangizo zatsopano n'zovuta kupeza ndipo kapini kochokera pa wotchi yakufa kamapulumutsa wotchi ya munthu wina. Kusungako sikulakwa ngati mwini wake wanena yekha kuti sakuzifuna, koma kusunga mwakachetechete kenako n'kumugulitsa yemweyo n'kulakwa.

Pemphani kuti akhuthulire kabotolo kaja pa nsalu inu mukuona. Mfundo za matcheni zimasiyana m'lifupi, m'kaumbidwe ndi pamene pali mabowo, moti mukapeza zofanana ndendende ndi tcheni chanu, mwayi waukulu ndi wakuti ndi zanu zomwe, ndipo mungamuuze mwaulemu kuti mulipira ntchito yobwezeretsa yokha. Musalole kuti akakamize mfundo ya tcheni china imene ikungofanana patalipatali, chifukwa kuti ilowe amayenera kupala kapena kuboola, ndipo tcheni chimafooka pamenepo.

Musanapite n'komwe, tembenuzani chotsekera muone ngati m'mbali mwake muli timabowo tiwiri, titatu kapena tinayi tondondozana. Timabowo timeneti anatiikira kusuntha kwapang'ono, ndipo kusamutsa kachitsulo ka sipuling'i kamene kamagwira tcheni pa chotsekeracho kupita ku bowo lakunja kumawonjezera mamilimita angapo popanda kuwonjezera mfundo. Pa miyezi imene yatsalayi mungathenso kuchotsa tcheni chonse, kuchisunga bwino, n'kuikapo lamba wansalu kapena wachikopa amene mungamasule tsiku lililonse monga mkono ukufunira. Wotchi yothina musaipirire. Ndiponso, ngakhale kuti ili si tsamba la zaumoyo, kutupa kwa manja kapena nkhope pa nthawi ya pakati muyenera kukakutchula ku sikelo, makamaka kukabwera mwadzidzidzi kapena pamodzi ndi mutu, chifukwa anamwino amafuna kuyeza kuthamanga kwa magazi akamva zimenezi.

FUNSO: Achimwene, ine ndimapikula mbatata ya kachewere ku Bembeke n'kukagulitsa ku Golomoti. Ndikamanyamuka m'bandakucha wotchi imakhwepa, koma ndikatsika Khwekhwelere dzuwa litakwera imathina. Ndapita kawiri kwa mmisiri, koyamba anachotsa mfundo, kachiwiri anabwezeretsa, ndipo maulendo onse ndinalipira. Kodi akundidyera? Wamalonda, Bembeke.

YANKHO: Achimwene, pamenepa mmisiri sanakubereni, ngakhale kuti akanatha kukufotokozerani m'malo molandira ndalama kawiri. Chimene chikusintha ndi mkono wanu. Kukazizira mitsempha ya magazi ya pakhungu imafinyika ndipo mkono umachepa, kukatentha imatakasuka ndipo mkono umafufuma. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamwamba pa nyanja yaikulu, pamene Golomoti ili m'chigwa chotentha cha kufupi ndi nyanja ya Malawi, choncho inu mumadutsa nyengo ziwiri m'mawa umodzi, kuwonjezera pa kunyamula matumba kumene kumafufumitsanso mkono. Pitani mukayezetse masana, mkono uli pa kukula kwake, ndipo tcheni chikhale choti chala chaching'ono chikhoza kulowa pansi pa chotsekera mothina pang'ono. M'mawa chidzakhwepa pang'ono, ndipo zimenezo n'zabwinobwino malinga ngati wotchi sikudutsa kafupa ka pamkono n'kutsikira ku chikhatho.

FUNSO: Bambo, ndinagula wotchi yooneka ngati yagolide pa msika wa Lizulu. Patapita miyezi itatu tcheni chinayamba kuda, mkono wanga unkasanduka wobiriwira pamene chimakhudza, kenako panatuluka tizilonda toyabwa. Mmisiri wina anandiuza kuti achipukuta ndi mankhwala chiwalenso. Nditakatenga ndinapeza golide yense wachoka, chatsala chitsulo chotuwa, ndipo kuyabwa kwawonjezeka. Kodi n'kutheka kubwezeretsa mtundu wake? Mtsikana wogulitsa m'golosale, Lizulu.

YANKHO: Achemwali, golide wa pa mawotchi otsika mtengo ndi wongokutira pamwamba, wopyapyala kuposa tsitsi kutalitali, ndipo pansi pake pamakhala chitsulo chosakaniza chimene nthawi zambiri chili ndi mkuwa. Thukuta lili ndi mchere, ndipo likamadya chokutiracho mkuwa umaonekera n'kuyamba kusiya mtundu wobiriwira pakhungu. Kubiriwirako pakokha sikoopsa ndipo kumachoka ndi sopo. Mankhwala opukutira zitsulo amagwira ntchito popala pamwamba pang'ono, motero pa tcheni chokutidwa amachotsa golide amene watsala. Mmisiri wodziwa ntchito yake akanakuuzani zimenezi asanayambe, n'kungochitsuka ndi madzi a sopo ndi nsalu yofewa. Kukutiranso golide kumafuna makina amagetsi ndi mankhwala amene sapezeka pa tebulo la pamsika, ndipo mtengo wake ukhoza kuposa wa wotchi yonseyo, choncho sindingakulangizeni kutsata njira imeneyo.

Kuyabwa ndi tizilonda ndi nkhani ina, ndipo ndi imene ikundidetsa nkhawa kuposa mtundu wa tcheni. Zitsulo zambiri zotsika mtengo zimakhala ndi nickel (mtundu wina wa chitsulo), amene nthawi zina amaikidwa pansi penipeni pa golide wokutirayo, ndipo khungu la anthu ambiri, makamaka amayi, limadana naye. Khungu likayamba kudana ndi nickel silisiya, moti ndolo, mabatani a jinzi ndi zomangira malamba zikhoza kuyambanso kukuyabwani. N'chifukwa chake kuyabwa kunawonjezeka atapukuta: chimene chinkatchinga pakati pa khungu lanu ndi chitsulocho chinachoka. Vulani wotchiyo mpaka khungu lipole, ndipo tizilonda tikapitirira kapena tikayamba kutuluka madzi mupite kuchipatala.

Pogula wotchi ina, werengani zolembedwa kumbuyo kwake. Mawu akuti STAINLESS STEEL BACK amatanthauza kuti chivundikiro chakumbuyo chokha ndicho chili cha chitsulo chosachita dzimbiri, pamene mawu akuti BASE METAL amatanthauza chitsulo chosakaniza chongokutidwa. Mawu akuti ALL STAINLESS STEEL ndiwo amasonyeza kuti thupi lonse ndi la chitsulo chabwinocho. Chitsulo chosachita dzimbiri nachonso chili ndi nickel, koma chimamugwira zolimba moti anthu ambiri sichiwavuta. Ngati mukufuna kusunga wotchi imene muli nayoyi, ikanipo lamba wansalu wa mtundu wopita pansi pa mutu wa wotchi, kuti chitsulo chisakhudze khungu.

FUNSO: Mwana wanga, ndili ndi wotchi ya Seiko 5 imene anandisiyira malemu bambo anga, amene anaigula akugwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Imayendabe bwino popanda batire, koma tcheni chake chatamuka, mfundo zikulekana, ndipo chinaduka kawiri. Koyamba mmisiri anamanga ndi kawaya, kachiwiri wina anathira guluu wamphamvu uja, moti mfundo zitatu zauma sizikupindika. Tsopano akundiuza kuti nditaye tcheni ndigule china. Mtima wanga sukulola. Kodi palibe njira yochikonzera? Gogo wa ku Mtakataka.

YANKHO: Agogo, ndakumvani, ndipo musataye kanthu. Mawotchi a Seiko 5 anayamba kupangidwa mu 1963, ndipo amadziwinda okha ndi kugwedezeka kwa mkono, n'chifukwa chake amuna ambiri amene anapita ku migodi ankawakonda, poti sankafuna batire ndipo ankapirira fumbi ndi ntchito yakalavulagaga. Makina ake amakhala zaka zambiri, koma matcheni ambiri a nthawi imeneyo anali a chitsulo chopyapyala chopindidwa, osati chitsulo chathunthu, ndipo ndiwo amayamba kutha.

Chimene timachitcha kutamuka kwenikweni ndi kuperepeseka. Fumbi ndi thukuta zimalowa pakati pa mfundo n'kupanga phala lokhakhala, ndipo mkono ukamayenda phalalo limapala timapini ndi mabowo ake tsiku ndi tsiku, mpaka timapini kuonda ndipo mabowo kukula. Mpata wa pa mfundo iliyonse ndi wochepa, koma mukauwonkhetsa pa mfundo makumi awiri tcheni chonse chimatalika n'kumalendewera. Chitsulo chimene chinaperepeseka sichibwerera. Kumayiko ena kuli amisiri amene amamasula mfundo iliyonse n'kuikamo timapini tatsopano, koma amachita zimenezi pa matcheni a mawotchi okwera mtengo kwambiri monga Rolex, pamene ntchitoyo imalingana ndi mtengo wa chinthucho. Pa tcheni chopindidwa chimene chaduka kawiri, ngakhale mutakonza pamene paduka, mfundo yoyandikana nayo ili pafupi kuduka, ndipo tsiku lina wotchi ya bambo anu idzagwera m'madzi kapena pamsewu inu osazindikira.

Kawaya kaja ndingakamvetse ngati njira yofikira kunyumba, ngakhale kuti kamakala khungu ndi kung'amba malaya. Guluu ndiye sindingamuvomereze ngakhale pang'ono, chifukwa tcheni chinapangidwa kuti chizipindika, ndipo mfundo zikauma mphamvu yonse imapita pa mfundo zotsatira. Nthunzi ya guluu wotereyu imasiyanso zoyera pa galasi ndi pa chitsulo.

Malangizo anga ndi akuti tcheni chakalecho chichotsedwe bwinobwino inu muli pomwepo, muchitsuke ndi mswachi wakale ndi madzi a sopo, muchiumitse, n'kuchisunga m'kansalu pamodzi ndi zinthu zina za malemu, kuti amene adzalandire wotchiyi pambuyo panu adzalandire zonse. Pa wotchipo muikepo tcheni kapena lamba watsopano. Musanagule, yezani ndi lula mpata wa pakati pa nyanga ziwiri za wotchi pamene tcheni chimalowa, chifukwa malamba amagulitsidwa potsata muyezo umenewu m'mamilimita: mawotchi ambiri a amuna ndi 18, 20 kapena 22, koma ena akale a Seiko ndi 19, ndipo lamba wa 18 pa mpata wa 19 amasiya danga limene limachititsa kachitsulo ka sipuling'i kusewera mpaka kufwamphuka. Uzani mmisiri kuti aikenso tizitsulo ta sipuling'i tatsopano tiwiri, chifukwa takale tija tatumikira zaka zofanana ndi tcheni, ndipo wotchi yonse imalendewera pa ito. Kwanu ku Mtakataka n'kotentha, ndipo chikopa chimaola msanga ndi thukuta, choncho chitsulo kapena nsalu zingakuchitireni bwino.

FUNSO: Achimwene, ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Lamba wa Casio yanga yakuda wathetheka pafupi ndi bowo limene ndimamangira. Mmisiri akuti malamba a Casio sasinthika, ndigule wotchi ina kwa iye. N'zoona? Mnyamata wa pa Chimbiya.

YANKHO: Si zoona, achimwene. Ngati ndi Casio yaing'ono yakuda ija ya F-91W, imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1989 ndipo nambala yake yalembedwa pankhope ndi kumbuyo, lamba wake ndi wa mamilimita 18 ndipo amachoka mukatulutsa tizitsulo timene tamugwira. Lamba wa pulasitiki wotere amauma ndi dzuwa, thukuta ndi petulo, ndipo pa ntchito yanu zitatu zonsezi zimamupeza, choncho kuthetheka pa bowo n'kumene kumayembekezereka. Akathetheka samatika. Funani mmisiri wina, ndipo ngati mungapeze lamba wansalu wopyapyala wopita pansi pa wotchi, ameneyo ali ndi ubwino wakuti kachitsulo kamodzi kakathyoka wotchi imatsalabe ikulendewera pa kenako, zimene n'zothandiza kwa munthu amene mkono wake umanjenjemera pa chiwongolero tsiku lonse.

FUNSO: Akulu anga, ine ndine mmisiri wa mawotchi ndipo ndimawerenga tsamba lino mwezi uliwonse. Nthawi zambiri olemba amadandaula za ife, koma nafenso tili ndi zathu. Anthu amabweretsa tcheni chimene ayamba achikhoma okha ndi msomali, timapini tapindika, ndiye tikalephera amati tawononga ndife. Ena amasiya wotchi chaka chathunthu osabwera, tsiku lina n'kutulukira akufuna yawo pomwepo. Enanso amakwiya tikakweza mtengo wa malamba, osadziwa mmene tikuwagulira ku Lilongwe. Kodi tichite chiyani kuti tisamayesedwe akuba? Mmisiri, Ntcheu.

YANKHO: Anzanga, zikomo polemba, ndipo zonse zitatu mwatchulazi ndinakumana nazo. Pa mitengo mukunena zoona. Malamba, timapini, magalasi ndi mabatire zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chogulidwa ndi ndalama zakunja chinakwera, kuwonjezera pa mtengo wa basi yopita ku Lilongwe ndi kubwerera. Owerenga ayenera kumvetsa zimenezi. Koma njira yothetsera mkangano ndi kunena mtengo musanagwire wotchi, ndi kulekanitsa mtengo wa chipangizo ndi wa ntchito, kuti munthu asankhe akudziwa.

Pa matcheni obwera atawonongeka kale, yang'anani pamodzi ndi mwini wake musanayambe, mumuonetse kapini kopindika, bowo lokula ndi zokalika zimene zilipo, ndipo mumuuze poyera ngati mukuona kuti ntchitoyo ikhoza kukanika. Pafupifupi aliyense ali ndi foni yojambula, choncho jambulani wotchi kutsogolo ndi kumbuyo pamene pali nambala yake, mwini wakenso ajambule. Yalani nsalu yoyera pa tebulo kuti kapaipi kakagwa kaoneke, ndipo gulani kachida kokankhira timapini ndi kathabwa kogonekapo tcheni m'malo mogwiritsa ntchito singano ndi pulayala, chifukwa zida ziwirizi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi galasi limodzi limene mungalipire mukalakwitsa.

Pa mawotchi osiyidwa, gulani kabuku ka malisiti ka mapepala awiriawiri. Lembanimo tsiku, mtundu wa wotchi, nambala ya kumbuyo, ntchito imene mwagwirizana, mtengo, chiwerengero cha mfundo za tcheni pamene ikufika, ndi nambala ya foni ya mwini wake, ndipo pepala limodzi atenge. Mugwirizanenso pomwepo kuti mudzaisunga kwa miyezi ingati, ndipo nthawiyo ikayandikira mumuimbire kapena mumutumizire uthenga umene ungatsale pa foni ngati umboni. Wotchi iliyonse ikhale m'kathumba kakekake kolembedwa nambala ya lisiti, pamodzi ndi mfundo ndi timapini tonse tochotsedwa, kuti mwini wake akadzabwera, kaya mawa kaya mwezi wa mawa, mudzangotsegula kathumbako n'kuwerenga naye limodzi.